Thambo loyela mbee, phili lakuda bii: mokonzela chithunzi cha ku Vubwi

Foni yako ili na vuto limodzi lamene wogulitsa mu tauni sanakuuze. Siimakwanitsa kuona malo owala na malo amdima panthawi imodzi. Maso yako amakwanitsa, foni iyayi. Ndiye chifukwa chake ukaimilila pachitunda ku Vubwi m'mamawa, dzuwa likutuluka kumbali ya Malawi, maso amaona zonse: mitambo yofiila, mapili otsatizana, minda ya nshawa na soya kunsi, utsi ukufuka m'makhichini a pamudzi. Ukopa. Uyang'ana pa screen, thambo layela mbee monga pepala, kapena phili lada bii monga saka la malasha. Uika pa status, anzako a ku Chawama ayamba kuseka ati, "Ndiye kwanu uku? Kuli load shedding olo ya dzuwa?"

Si nkhani yoseka chabe. Vubwi inakhala boma payokha mu 2012, nthawi ya Michael Sata, pamene inapatulidwa ku Chadiza. Ili pakona peni-peni, pamene Zambia ikumana na Malawi na Mozambique. Koma funsa munthu mu Lusaka zamene adziwa za Vubwi. Azakuuza za msewu wochokela ku Chipata, mwina na za golide, basi kwatha. Kukongola kwa dziko la Mfumu Pembamoyo sikumamveka, kaili amene amakuona na maso amabwelako na zithunzi zakupsa. Munthu wamene angasinthe zimenezi ni iwe wamene umakwela basi pa Intercity kupita kukaona ambuya, foni ili m'thumba. Chofunika ni kudziwa kanthu kamodzi kochedwa HDR, na kudziwa polekezela.

HDR ni chani?

Zilembo zitatu izi waziona kale pamwamba pa kamela ya Tecno, Itel, Infinix kapena Samsung yako. Zimakamba za mpata waukulu wamene ulipo pakati pa chinthu chowala kwambili na chinthu chakuda kwambili m'chithunzi chimodzi. Ganizila ukuchoka panja masana n'kulowa m'nyumba ya udzu. Poyamba suona chilichonse, pakapita kanthawi maso azolowela, uyamba kuona mphasa na mtsuko. Maso amachita zimenezi nthawi zonse, olo pamene ukuyang'ana phili na thambo, ndipo amachita mwamsanga moti sumazindikila. Kamela ilibe mwayi umenewo. Ikatsegula diso kamodzi, iyenela kusankha: kukondweletsa thambo kapena kukondweletsa pansi.

Nzelu ya HDR ni yosavuta. Jambula malo amodzi kangapo. Chithunzi chimodzi chikhale chamdima kuti mitambo ioneke, china chapakati, china chowala kuti zamumthunzi zioneke. Ukatelo uphatikiza, n'kutenga chabwino pa chilichonse. Si nzelu ya manje-manje. M'zaka za m'ma 1850, wojambula wa ku France, Gustave Le Gray, anali kujambula nyanja payokha na thambo palokha, n'kuziphatikiza papepala limodzi. Mu 2010 kampani ya Apple inaika HDR mu iPhone, ndipo lelo olo foni yotchipa ili nayo. Ukatinika kamodzi, foni imajambula kangapo mwakabisila n'kuphatikiza yokha. Nthawi zina imachita bwino. Nthawi zambili imafuna dzanja lako kuti nchito ithe.

Kukonza kumayambila kumunda

Mvetsa ichi ukalibe kutsegula app iliyonse. Malo amene ayela mbee m'chithunzi afa, sangauke. Palibe zamene foni inasunga pamenepo. Ukayesa kuchepetsa kuwala upeza chabe chigamba chotuwa monga phulusa. Koma malo amdima nthawi zambili amakhala atabisa zinthu, ndipo ungazivundukule. So lamulo ni ili: teteza thambo. Tinika pa screen pamene pali mtambo wowala, tsitsa kadzuwa kamene kamaonekela pambali mpaka mitambo ioneke mizele yake. Phili lizaoneka lakuda, usade nkhawa, uzaliwalitsa pambuyo. Koma osatsitsa mopitilila, chifukwa mdima ukauwalitsa kwambili umatulutsa timadontho monga mchenga.

Ngati foni yako ili na Pro mode, jambula katatu wekha. Peza pamene palembedwa EV. Jambula pa -2, pa 0, na pa +2. Sitepe imodzi ya EV imatanthauza kuwala kuwilikiza kawili, ndiye kuchoka pa -2 kufika pa +2 wakulitsa kuwala ka 16. App yaulele ya Open Camera imajambula zitatuzi motsatizana pamafoni amene amalola. Ukaona RAW kapena DNG m'masetting, yatsa. Chithunzi wamba cha JPEG chimasunga masitepe 256 chabe kuchoka pa kuda kufika pa kuyela pa mtundu ulionse, pamene RAW imasunga opitilila 1,000. Imadya malo maningi mufoni, koma pokonza uzaona kusiyana.

Foni isagwedezeke. Ulibe tripod? Palibe vuto. Ikhazike pamwala, pachulu, pachishalo cha njinga kapena pangolo ya ng'ombe, uike timer ya masekondi atatu, uchotse dzanja. Yang'ananso zamene zikuyenda. Ng'ombe ikadutsa pamene foni ikujambula katatu, izatuluka na mitu iwili monga chiwanda. Masamba a chimanga pamphepo nawonso amachita chimodzi-modzi. Yembekeza mphepo ileke. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pukuta galasi la kamela na kansalu kofewa. Fumbi la mumsewu wa Vubwi likasakanikilana na mafuta a vitumbuwa a m'zala zako, dzuwa limamwazika chithunzi chonse, ndipo palibe app yamene ingachotse zimenezo.

Nthawi nayo ni ndalama. Ola loyamba dzuwa likatuluka na cha m'ma 17 hours ndiye pamene kuwala kumagona chammbali, mapili n'kuonetsa misana na zigwa zake. Pa 12 hours dzuwa lili pamutu, chilichonse chimaoneka chophwathalala.

Manje tsegula Snapseed

Snapseed ni yaulele, ndipo ukaichita download siifunanso bundle, imasewenza olo network ya kumudzi itathawa. Inapangidwa na kampani ya Nik Software, yamene Google inagula mu 2012, chaka chimodzi-modzi chamene Vubwi inakhala boma. Mabatani amasinthako malo malinga na foni.

Yamba na Tune Image. Tsitsa Highlights pang'ono-pang'ono, maso ali pa mitambo. Pamene yayamba kuonetsa mphepete zake, leka. Kweza Shadows mpaka uyambe kuona mitengo ya m'phili na mizele ya m'munda. Apa ndiye pamene ambili amagwela m'mbuna: amakweza mpaka 100, mthunzi wonse n'kutha. Chithunzi chopanda mthunzi chili monga nsima yopanda ndiwo. Mthunzi ndiye umauza diso kuti apa pali chigwa, apa pali chitunda. Usiyeko. Ukatelo ikako Ambiance pang'ono, ndipo ngati chithunzi chafooka, bwezako Contrast.

Pansi pa screen pali kachithunzi kooneka monga mapili, kochedwa histogram. Kumanzele ni mdima, kumanja ni kuwala. Kaphili kakaunjikana kukhoma la kumanja, dziwa kuti thambo lapsa. Kakaunjikana kumanzele, pansi pamila mumdima. Cholinga chako ni chakuti kakhudze mbali zonse ziwili koma kasakanikizike pakhoma.

Manje pali chida chochedwa HDR Scape. Ichi ni mchele. Ukachitsegula chimabwela na mphamvu yochuluka, chithunzi chimalumpha, mtima n'kunena kuti yes, ndiye izi. Gwila mtima. Sankha Nature kapena Fine, tsitsa Filter Strength ifike pakati pa 10 na 25. Strong musiyile wopanga ma poster a filimu ya nkhondo. Dziwanso kuti HDR Scape siimaphatikiza zithunzi, imangokoka zamene zili kale m'chithunzi chimodzi. Thambo likakhala kuti linapsa kumunda, izangolidetsa.

Chinsinsi cha akatswili ni kusakonza chithunzi chonse mofanana. Thambo lifuna zake, pansi pafuna zake. Chida cha Selective chimakulola kuika kadontho paphili n'kuwalitsa pamenepo chabe. Brush imakulola kupenta na chala, kuwalitsa kanjila kopita kudimba kapena kudetsako kona ya thambo. Ndipo ukalowa mu View edits, ungasankhe zamene unachita, kutinika kabulashi, n'kupenta kuti zigwile pamalo amene ufuna chabe.

Nanga zithunzi zitatu zija? Tenga ziwili. Tsegula chowala, chamene pansi paoneka bwino. Pita pa Double Exposure, onjeza chamdima chamene chili na mitambo yabwino, kweza Opacity mpaka kumapeto, uvomeleze. Lowa mu View edits, sankha Double Exposure, tinika kabulashi, upente thambo lokha. Kulitsa chithunzi na zala ziwili pofika m'mphepete mwa phili kuti usalumphe malile. Wachita zamene Le Gray anachita, koma iwe uli khale pampando wa basi.

Womaliza ni White Balance na Details. Mthunzi wa m'mamawa umakonda kuoneka wa buluu, ndiye onjezako kutentha pang'ono. Structure ikhale yochepa, ndipo isakhudze thambo, kaili imatulutsa mchenga uja.

Ngati uli na laputopu

Lightroom ya pafoni ili na Highlights, Shadows, Whites, Blacks na Dehaze zaulele, koma kukonza mbali imodzi ya chithunzi kumafuna kulipila. Pa kompyuta, Lightroom Classic ili na Photo Merge. Usankha zithunzi zitatu zija, utinika HDR, uyatsa Auto Align kuti zigwilizane ngati dzanja linanjenjemela, na Deghost kuti ng'ombe ibwelele ku mutu umodzi. Koma Adobe imalipilitsa mwezi na mwezi. Thumba likakhala lopyapyala, pali zaulele: Luminance HDR yophatikiza zithunzi, darktable yokonzela RAW, na GIMP. Izi ni zaulele mwalamulo. N'zabwino kupambana ma program akuba amene amabwela na ma virus pa flash.

Nyengo iliyonse na mankhwala ake

Kum'mawa sikumaoneka chimodzi-modzi chaka chonse, ndipo kakonzedwe kako kayenela kutsatila nyengo. Mu December na January mitambo ya mvula imaunjikana yakuda, dzuwa n'kuboola pakati. Iyi ndiye nyengo ya HDR yeni-yeni. Koma chenjela na msipu. Chimanga chili kale chobiliwila, ukakweza Saturation chizaoneka monga kapeti ya pulasitiki ya pa ukwati. Nthawi zina uyenela kuitsitsa.

Mu May mpaka July thambo limakhala loyela bwino, udzu wofiilila, ndipo m'mamawa nkhungu imagona m'madambo. Nkhungu usaichotse. Ni imene imalekanitsa phili lapafupi na lakutali.

Kuyambila kumapeto kwa August, mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano ofiila, ena monga mkuwa. Mtundu umenewo ni weni-weni, sufuna thandizo. Koma September na October ni nyengo ya lupsa. Utsi wa moto wa m'tchile na fumbi zimaphimba mapili. Dehaze imathandiza, koma pang'ono chabe. Ukaikoka kwambili, thambo limasanduka buluu wa inki, dothi lofiila n'kuoneka monga njelwa yowotcha. Phili lakutali limayenela kuoneka lotuwilako kupambana lapafupi, ndiye mwamene diso limadziwila mtunda.

Ukadutsa ku Katete, yeselela pa phili la Mphangwe lamene limayang'anila tauni. Miyala yake imagwila dzuwa lamadzulo, pansi pali kale mthunzi. Pamenepo uzaphunzila mwamsanga kulimbana kwa Highlights na Shadows.

Zizindikilo zakuti wapitilila

Chikome-kome cha nkhuyu, m'kati muli nyelele. Chithunzi chingakope maso pa sekondi yoyamba koma chili chowola. Yang'ana pamene phili likumana na thambo. Ukaona mzele woyela ukuzungulila phili kapena mtengo monga chawala kumbuyo, wapitilila. Mitambo ikaoneka yakuda monga utsi wa matayala pamene kunali kowala bwino, wapitilila. Pansi pakawala kupambana thambo, wanama, chifukwa kuwala kumachokela kumwamba.

Chizindikilo chachikulu ni khungu la munthu. Ngati amalume aima kutsogolo kwa munda wawo, HDR yamphamvu izawatuwitsa monga sanadzole mafuta mwezi wathunthu, makwinya onse n'kutuluka. Kukweza Shadows kwambili kumachotsa kuwala kwa khungu lakuda n'kusiya phulusa. Lowa mu View edits, ufafanize HDR pankhope na pamanja. Munthu akhale na khungu lamene anabadwa nalo. Sanakupemphe kuti umuyeletse.

Nzelu ina: pokonza khala pamthunzi, ndipo zimitsa kaja koteteza maso kamene kamachititsa screen kukhala yachikasu, apo ayi uzakonza mitundu yabodza. Ukatsiliza, ika foni pansi, ukamwe madzi, ubwele uyang'anenso. Gwila chala pachithunzi kuti uone mwamene chinalili poyamba. Kawili-kawili uzapeza kuti uyenela kubweza theka la zamene unachita.

Ulemu na chilungamo

Sikuti chilichonse chokongola n'chojambula. Ukaona kankhalango kowilila pakati pa minda yolimidwa, nthawi zambili pamakhala manda, ndipo kwa Achewa kumeneko ndiye kudambwe. Osangolozako foni ati kaili mitengo yaoneka bwino na dzuwa. Funsa anyakwawa kapena akulu a pamudzi. Anthu ali kumunda kapena pachitsime, apatse moni, upemphe. Ukafika pafupi na malile a dziko, osajambula maofesi kapena asilikali popanda chilolezo.

Pa Kulamba ku Mkaika, Chiwelu chothela cha August, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi na Mozambique amabwela kwa Kalonga Gawa Undi, zimitsa HDR pojambula Gule Wamkulu. Gule sayembekeza foni ijambule katatu. Jambula kamodzi, uteteze thambo, ukonze pambuyo. Fumbi lamene limabuka pansi pa mapazi ulisiye, ni mbali ya gule.

Masiku ano pali ma app amene amachotsa thambo lako n'kuikapo la kwina, la pinki monga la pa kalenda ya ku China shop. Pamenepo wasiya kukonza, wayamba kupeka. Kutsitsa Highlights ni kubweza zamene zinalipo koma foni inalephela kugwila. Kuika mtambo wamene kunalibe ni bodza. Ndipo ngati ukujambula munda kapena puloti yogulitsa, bodza limeneli lingakufikitse pamilandu. Munthu akachoka ku Lusaka na ndalama ya transport n'kupeza thanthwe pamene iwe unapenta msipu, sazakufunsa dzina la app.

Potumiza osaononga nchito

Wavutika mphindi makumi awili, manje WhatsApp ifinya chithunzi chako mpaka thambo lichite mizele-mizele monga chitenge chosuluka. Kuyambila mu 2023 WhatsApp ili na batani la HD, litinike. Ngati ufuna chifike chathunthu, maka-maka kwa wosindikiza, chitumize monga document. Chizadya bundle, koma chizafika chamoyo. Osakonza chithunzi chamene wachitenga pa status ya munthu kapena pa Facebook, chafinyidwa kale, mumdima mwake mulibe chovundukula. Ndipo chithunzi choyambilila uchisunge. Mu Snapseed sunga kope, osafafaniza mayi wake. Chaka chamawa dzanja lako lizakhala litakhwima, uzafuna kuyambilanso.

Luso ili lingakudyetse. Kwaya ya kutchalitchi imafuna chithunzi cha pa poster, woimba wa mu komboni amafuna cover ya nyimbo, ma lodge a ku Chipata na Katete ali na makoma, ndipo a kwathu amene akhala zaka mu Kanyama, ku Kitwe kapena ku Johannesburg angakonde kupachika phili la kwawo pa sitting room. Onsewa azabwelanso kwa wojambula wamene zithunzi zake zimaoneka zoona, chifukwa za mitundu yokuwa zadzala kale pa intaneti ndipo zonse zimafanana.

Mayeso omaliza safuna bundle. Ukatsiliza kukonza, pita nacho kwa ambuya, uwapatse foni m'manja osakamba chilichonse. Akaifendeza kumaso n'kufunsa kuti, "Kodi kumeneku ni kuti, mdzukulu wanga?" bwelela ku View edits ukachepetse mchele. Koma akatchula dzina la phili, n'kuloza na chala pamene panali munda wa malemu agogo aamuna, tumiza kwa aliyense wamene ufuna.